Ulemu Umene Unatsekera a Mbewe M'chipinda

Lachiwiri lapitali ndinapita ku Nangongwe, komboni ya kuno ku Kafue, kukafuna munthu wowotcherera geti yathu, imene yakhala ikulira ngati mbuzi yomangidwa chiyambire mvula. Munthuyo sindinampeze. Pobwerera, ndikudutsa m'kanjira ka pakati pa nyumba, ndinamva mawu a mzimayi akundiitana.

"Ba Sakala! Imililani, ba Sakala! Ni Mulungu wakutumani. Tifuna mwamuna kuno."

Pa msinkhu wangawu, mawu otere ndinaleka kale kuwayembekezera. Nditacheuka ndinaona kuti ndi ba Mutinta, mayi wogwira ntchito ku boma, mu ofesi yoona za okalamba, olumala ndi ena osowa pogwira. Timadziwana chifukwa ana athu anaphunzira limodzi. Anali ndi anzake awiri: nesi wa ku kiliniki atanyamula chikwama chake, ndi wapolisi wamkazi, mmodzi wa aja oona za nkhanza za m'nyumba. Onse anangoima pakhonde ngati anthu otaya kiyi. Chapambali, pansi, panali mayi wachitsikana atadziphimba kukamwa ndi chitenje, akulira mosatulutsa mawu.

"Nkhani ili so," anatero ba Mutinta. "Mukati muli ba tate, banagwa na sitoloko. Tabwela kubaona, manje tonse ndise bakazi. Bakana ati tisangene."

Atatewo ndi a Mbewe. Anachoka kum'mawa ali mnyamata, nadzagwira ntchito ya njanji kuno mpaka kupuma. Akazi awo anamwalira. Amakhala ndi mwana wawo wamwamuna, woyendetsa thiraki, amene akachoka pakhomo amatha milungu asanaoneke. Wotsala pakhomo ndi mkazi wake, amake Daliso, mayi wolira uja. Sitoloko inafooketsa a Mbewe mbali imodzi ya thupi. Poyamba ankadzikoka mpaka pakhomo la chipinda, koma masiku ano ngakhale kutembenuka pa bedi kunkawakanika.

Wapolisi uja anali atakwiya, ndipo sindimuimba mlandu. Fungo linkafika mpaka pakhonde.

"Imwe amai, munthu aola mukati, imwe muli pano. Ngati bafelamo, muzakamba ati chani?"

Amake Daliso anachotsa chitenje kukamwa. "Ine nimapika, nimachapa, nimaika vakudya pa mpando pafupi na chitseko. Manje kungena, ningangene bwanji? Ni apongozi anga. Nikagwila chabe chitseko amakuwa ati bwelela. Nibavule ine? Nibasambike ine?"

Amene munakulira m'mabanja a kum'mawa mwamva kale zimene mayiyu ankanena. Mkazi wa mwana salowa m'chipinda cha apongozi ake aamuna. Sawakhudza, sawayang'ana kumaso nthawi yaitali, polankhula amagwada chapatali. Umenewo ndiwo ulemu umene alangizi anamuphunzitsa asanalowe m'banja, ndipo anamuuza kuti akaulakwira wachititsa manyazi mtundu wake wonse. Mayiyu anasunga mwambowo bwino lomwe. A Mbewe nawonso anausunga. Pakati pa anthu awiri aulemuwa, zilonda zinkakula.

Ndinamvanso kuti palibe mnansi amene anakanena nkhaniyi. Ndi amake Daliso omwe. Atapita kukatengera apongozi awo mankhwala, anayamba kulira pamaso pa nesi, ndipo nesiyo anaimbira foni anzake awiri aja. Mayiyu ankadziwa kuti akhoza kumangidwa, koma ananenabe.

Nesi anayesanso kugogoda. "Atate, ine nine nesi. Thupi ya munthu siniyopa, nimaona masiku onse."

Mawu anatuluka m'kati, ofooka koma omveka. "Ndamva, mayi. Inu simuopa. Ine ndiye ndikuopa."

Onse atatu anandiyang'ana. Ine sindine nesi, abale. Magazi ndimawaopa, ngakhale nkhuku kwathu amapha ndi akazi anga. Koma ukaitanidwa ndi akazi atatu, mmodzi atavala yunifomu ya polisi, sunena kuti uli ndi nkhani ya geti. Ndinati odi, ndinatchula dzina langa, ndipo ndinauzidwa kuti ndilowe.

Zimene ndinaona m'chipindamo sindilemba zonse. A Mbewe ndi munthu, ali ndi ana ndi adzukulu oti angawerenge. Ndingonena kuti mbale zinali pa mpando pafupi ndi chitseko, zovindikira bwino, ndipo pambali pa bedi panali ndodo yopindika kumapeto imene ankakokera mpandowo. Tsiku limene dzanja lakana, chakudya chinkabwerera osachikhudza, iwo n'kufuula kuti akhuta.

Asanandilole kuwakhudza anandifunsa kwathu. Nditati ku Katete, nkhope yawo inamasuka.

"Ndinu wakwathu, a Sakala. Ife ndife a ku Chadiza. Khalani pansi. Pepani, mwapeza nyumba sinakonzeke."

Mtima unandiwawa kwambiri. Munthu ali m'masautso otere, koma akupepesa mlendo.

Ntchito tinaigwira motere: nesi anaima kunja kwa chitseko akundiuza chochita, amake Daliso akubweretsa madzi ofunda mpaka pakhomo, ine ndikulandira. Ndikaona chilonda ndinkafotokoza kukula kwake ndi maonekedwe ake, nesi n'kufunsa zina. Nditawasambitsa ndi kuwaveka, ndi kuwafunditsa nsalu yoyera, a Mbewe anavomera kuti nesi alowe aone msana wokha. Ataona, ananena kuti atatewa sagonanso pakhomopo tsikulo, ayenera kupita ku chipatala chachikulu.

Tsopano ndikufuna kunena za amayi atatu aja, chifukwa kuyambira tsikulo ndakhala ndikuwaganizira.

Tonse timadziwa mmene maofesi athu ankagwirira ntchito, ndipo ena akugwirabe motero. Ukapita ku polisi amati iyi ndi nkhani ya ku boma. Ku boma amati yambani mwapita ku kiliniki. Ku kiliniki amati ife timachiza odwala amene abwera, wanuyo mubwere naye. Ukazungulira tauni yonse nsapato zitatha, wodwala ali pomwe unamusiya. Choncho kuona anthu a maofesi atatu pakhonde limodzi, tsiku limodzi, pa nkhani ya nkhalamba imodzi ya ku Nangongwe, kunandipatsa chiyembekezo. Ndikunena izi mosanyengerera.

Taganizani akanabwera mmodzimmodzi. Wapolisi yekha akanamva fungo, n'kuona mayi wathanzi atakhala panja, n'kumutenga. Kodi a Mbewe akanawaphikira ndani mawa lake? Nesi yekha akanatsuka zilonda, n'kusiya mankhwala, n'kulangiza kuti wodwala azitembenuzidwa pafupipafupi, osadziwa kuti pakhomopo palibe dzanja lololedwa kuwatembenuza. Ba Mutinta okha mwina akanayamba kufunafuna malo ku nyumba yosungira okalamba.

Pokhala pamodzi, anatsutsana. Ndinawamva ndi makutu anga pakhonde paja. Wapolisi ankati lamulo silidziwa za apongozi, munthu wosiyidwa ndi wosiyidwa basi. Nesi ankati mayi amene wadzinenera yekha si wakuba moyo wa munthu. Anakangana mpaka ba Mutinta anati, "Manje bene bake tabafunsa?" Ndipo anapita kukagwada pakhomo la chipinda, nawafunsa a Mbewe chimene iwo akufuna.

Yankho linali lalifupi. "Mwanayo musamugwire. Ndinamuletsa ndine. Ku chipatala ndipita, koma ndikachira mundibweze pano. Kumalo kosungirako anthu sindikufuna."

Wapolisi anapempha nambala ya foni ya mwana wawo wa thiraki uja, n'kumuimbira. Zimene anamuuza sindinazimve bwino, koma mmene ankayendera uku ndi uku pabwalo, mnyamatayo sanalandire moni wabwino.

Komabe anthu abwinowa analakwitsa chinthu chimodzi, ndipo ndichinena chifukwa ndikufuna ntchito yawo ikule. Anakonza zonse: tsiku, galimoto, mankhwala. Palibe amene anafunsa kuti, kodi munthu tikukamuonayu alola kuvulidwa ndi ndani? Pakanapanda geti yanga yolira ija, akanabwerera, kapena akanathyola chitseko n'kuchititsa manyazi nkhalamba imene yasunga ulemu wake moyo wonse. Chitetezo cha munthu chisadalire kuti pa njira padutsa ndani.

Nditawauza zimenezi, ba Mutinta anavomera. Anati m'maofesi mwawo, pa ntchito yoyendera odwala ndi okalamba, amuna ndi osowa. Ngakhale mwa odzipereka a m'makomboni, aja oyenda khomo ndi khomo, mukawaona pa msonkhano mungaganize kuti ndi chigwirizano cha amayi.

Ena mwa inu, makamaka achinyamata obadwira m'tauni muno, mukuti vuto ndi mwambowo, utayidwe. Ndakumvani. Mwana wanga wamkazi ananena zomwezo nditamufotokozera, mpaka anati ndi mzimu woipa wofunika kuupempherera. Ndinamufunsa ngati angakonde kuti mwamuna wake adzasambitse amayi a iyeyo, akazi anga. Anasintha nkhani.

Mwambowu sunali wopusa kumene unachokera. Kumudzi mkazi wa mwana sankalowa m'chipinda cha apongozi chifukwa panalibe chomulowetsa. Panali abale a wodwala, adzukulu aamuna, asuweni, anzake a pabwalo. Mwambo unkaletsa munthu mmodzi, n'kutuma anthu ambiri. Pobwera m'tauni tinanyamula choletsacho, koma otumidwa aja tinawasiya. Mwana ali pa msewu wa kumalire, wina ali ku Lusaka amachoka m'mawa n'kubwera kutada, anzawo a ku njanji ena anamwalira, ena anabwerera kwawo. Wotsala pakhomo ndi yekhayo woletsedwa.

Ndiye tikamamva za nkhanza kwa okalamba, timaganiza za mwana woledzera womenya amayi ake, kapena abale olanda nyumba ya wamasiye, kapena aja onamizira nkhalamba ufiti. Zimenezo zilipo, ndipo ndi za apolisi. Koma palinso kusiyidwa kopanda mfuu, kochitika m'nyumba zosesedwa bwino, mwa anthu opemphera. A ku mpingo wa a Mbewe ankabwera ndithu. Ankakhala pabalaza, n'kuimba nyimbo, n'kupemphera mokweza kuti wodwala amve ali m'chipinda. Akafunsa kuti muli bwanji atate, mawu ankabwera kuti ndilipo, ndipo onse ankati ameni. Nawonso ankasunga ulemu: sulowa m'chipinda cha mwini usanaitanidwe.

Kodi m'dera lanu muli zitseko zingati zotere? Ndi liti pamene munaona ndi maso anu nkhalamba imene mumangofunsa za umoyo wake kudzera mwa ana? Ine sindikudziwa yankho la kwathu ku Estates, ndipo kusadziwako kukundisowetsa mtendere.

Maofesi atatu aja achita mbali yawo. A Mbewe ali m'chipatala. Nesi akuti zilonda zikhoza kupola ngati thupi lilandira chakudya. Amake Daliso sanamangidwe, ndipo amapita ndi phala tsiku lililonse, n'kupatsa mwamuna wa pa bedi loyandikana kuti awapatsire. Koma chipatala chidzawatulutsa. Mwana wawo adzakweranso thiraki, chifukwa banja limadya pamenepo. Wapolisi sangabwere m'mawa uliwonse kudzatembenuza munthu. Pamenepo pakufunika ofesi yachinayi, imene ilibe chikwangwani: ife amuna a m'dera, a ku mpingo, opuma pa ntchito amene timatha tsiku tikukangana za mpira pansi pa mtengo.

Pamene tinkadikira galimoto tsiku lija, ndinakhala nawo a Mbewe m'chipinda, zenera titatsegula. Anandiuza za masitima a kale, za anzawo, za mmene Kafue analili mafakitale onse akufuka utsi. Kenako anandigwira dzanja ndi dzanja lawo lamoyo lija.

"A Sakala, manja anu ndi olimba, koma mwachita bwino. Mukudziwa chimene chimandiseketsa ndikagona pano? Tsiku limene ndidzafe, amuna adzadzaza bwalo ili. Adzathamangitsa akazi onse, adzatseka chitseko, adzandisambitsa bwinobwino ndi sopo watsopano. Palibe amene adzanene kuti ndatanganidwa. Madzi ake ndi omwewo. Bwanji osabwera ndikali kumva kufunda kwake?"

Funsolo ndalibweretsa kwa inu, amuna anzanga, mmene analifunsira mwini wake.