Analowanso Pansi pa Makina Otchetchera

Kapitawo wa pafamu ina ndiye anamulakwira bamboyu, chaka chomwe mwana womaliza wa bamboyu ankayamba kuyenda. Bamboyu anali pansi pa makina otchetchera tchire, aja okokedwa ndi thalakitala, akumasula mipeni yobuntha. Kapitawo anakwera thalakitala n'kuliza injini osasuzumira pansi. Kudzanja lamanzere la bamboyu kunatsala chala chimodzi.

Kwa bwana, kapitawoyo anakanena kuti munthuyo anali ataledzera. Ntchito inathera m'chipatala momwemo.

Inu owerenga, musaganize kuti anzake a kuntchito anabwera kudzamuzonda. Aja ankadya naye limodzi anayamba kulambalala nyumba yake.

Bamboyu ankangokhala pakhonde, dzanja atalibisa m'malaya. Akamva thalakitala kumsewu, ankalowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Mkazi wake ankachapa zovala za anthu, komabe ana anayamba kuoneka nthiti.

Tsiku lina kunabwera mlimi wina. Makina ake ankangogoneka udzu osaudula, ndipo manati omangira mipeni anali atagwira dzimbiri.

"Pepani achimwene, sindingathe," anatero bamboyo. "Ntchito ija imafuna manja awiri, lina logwira bawuti pansi, lina lopotokola nati pamwamba."

Mkazi wake anasiya beseni n'kutambasula manja ake athovu. "Nanga awawa ndi okongoletsera nyumba? Dzukani abambo, tizipita."

Atafika n'kuona makina aja, bamboyo anaima chapatali, osafuna kuwayandikira. Mayiyo sanamukalipire. Anapempha kiyi wa thalakitala kwa mlimi uja, n'kumulowetsa m'thumba la mwamuna wake, n'kusisita pamwamba pake.

"Ikalira kiyi ali mmenemu, ndiye kuti ndi mizukwa. Tithawira limodzi."

Bamboyo anaseka, kuseka koyamba chichokereni kuchipatala. Anachirikiza makinawo ndi zipika, n'kugona chagada, n'kukwawira pansi pake pang'onopang'ono. Mkazi wake anagwada pamwamba ndi sipanala yolumikiza ku paipi.

"Amayi, uko mukumanga! Bwererani kwinaku!"

"Muzinena bwino, inu. Ine ndinazolowera kufinya zovala."

Anathira mafuta, anagogoda, anakoka. Nati inalira n'kugonja. Mlimi ankafuna asinthe mpeni umodzi wokha, koma bamboyo anamuuza kuti wina ukalemera kuposa unzake makina amagwedezeka mpaka kuthyoka. Anasintha yonse iwiri. Potuluka pansi paja anali akulira, ndipo mkazi wake anamupukuta girisi pankhope ngati sakuiona misoziyo.

Sizinayende msanga ayi. Ena ankayang'ana dzanja lija n'kubwerera. Ena ankamugwiritsa ntchito n'kumuthokoza ndi pakamwa pokha. Koma udzu umamera chaka chilichonse, mipeni imabunthabe, ndipo awiriwa sanakanepo kuitanidwa.

Lero ali ndi kashedi kawo m'mbali mwa msewu, alimi amachita kudikirana. Ana ananenepa, ali pasukulu. Mayiyo nati amaidziwa pongoiyang'ana, ndipo makina akafika, iye ndi amene amayamba kutambasula dzanja kuti apatsidwe kiyi.

Inu amene munagwetsedwa ndi munthu mnzanu, mtima wokhawo musautaye. Oipa alipo ambiri, musanamizidwe. Koma yang'anani amene watsala pambali panu, mugwireni, mudzuke naye.

Kapitawo uja adakali pafamu pompaja. Sanapepesepo, ndipo bwana mpaka lero amakhulupirira kuti bamboyu anali ataledzera.