Zirombo pakhomo la tchalitchi

Tinalipo ine Kamphinda wa ku Erdington, kuno ku Birmingham. Mwana wanga Yohane. Apongozi anga a NaPhiri, akazi a Yohane, anamwino aja. Mdzukulu wanga Tadala, khanda loti libatizidwe. Ndi abusa achizungu, mayi wamfupi wa nsapato zamatope.

Ine ndimafuna ubatizo uchitikire ku Nechells, m'holo yathu yopemphereramo ija inali nyumba yosungiramo katundu. Apongozi anati ayi, kumudzi wina kunja kwa Birmingham kuli tchalitchi chakalekale, beseni lake la ubatizo losema pamwala. Ndinagonja.

Tchalitchicho n'chachimuna, ndivomere. Khoma lake mutha kugonapo chopingasa. Mawindo ngati maso a nkhuku. Khomo lopindika pamwamba ngati uta.

Koma nditakweza maso pautapo, ndinaima. Mitu yosema pamwala yokhayokha. Ina ya milomo ya mbalame, ina lilime panja, ina mano pamtunda. Sukulu ndinailekera panjira, koma ndine wa ku Dedza, chirombo ndimachidziwa.

Ndinalamula apongozi kuti afunditse mwana chitenje, iwo ayang'ane kumbali. Ndinati mdzukulu wanga salowa kudambwe. Mawu anga mumawadziwa. Akhwangwala anathawa padenga. Yohane anangoti, "Adadi, please." Ine ndinati ubatizo wathera pompano.

Abusa anafunsa chavuta. Yohane anamasulira, thukuta lili kamukamu m'chisanu chonsecho. Abusawo anati mituyo anaisema ndi Akhristu omwe anamanga tchalitchicho. Chifukwa chake palibe akuchidziwa bwino, koma ena amati inkaopseza zoipa kuti zitsale panja.

Apa ndinakhala pabenchi.

Bambo anga ankasema zigoba za gule. Amishoni anawachotsa mumpingo, ndipo pamaliro awo sipanaimbidwe nyimbo ndi imodzi yomwe. Lero ndipeze kwawo kwa amishoniwo zirombo zili pakhomo, zikulondera Ambuye, anthu n'kumazijambula ndi mafoni?

Abale anga a ku Handsworth, tamverani. Ife tikaona kachosema pabalaza pa mnzathu timati ziwanda, mawa lake takamunenera kwa abusa. Eni ake amene anatibweretsera Baibulo, zosema za makolo awo amazipukuta fumbi. Ndani anatiuza kuti mpeni wa mmisiri wakuda wokha ndiwo umasema tchimo?

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinadekha, ngakhale mochedwa.

Ndinavula chipewa, n'kuomba m'manja monga tichitira tikakumana ndi chirombo panjira. Ndinasupa kakobidi patsinde pa khomo. Kenako ndinapempha mwana kwa apongozi, n'kumuvundukula kumaso, n'kulowa naye ndekha pansi pa mitu ija. Abusa anaombanso m'manja, poyesa kuti ndi pemphero la kwathu. Sindinawatsutse.

Tadala analira pabeseni paja mpaka miyala inayankha. Mawu ndi anga amenewo.

Pobwerera, Yohane anayendetsa galimoto mpaka titakhotera mumsewu wa kwathu. Kenako anati, "Adadi, agogo akanabadwira kuno sakanawachotsa mumpingo. Akanawapatsa kontirakiti."