Mbuya Wanga Anandisainitsa Matumba Amene Kunalibe

Ndinatsala pang'ono kutaya ntchito yanga yoyamba chifukwa cha nthabwala, ndipo wolakwa ndinali ine ndemwe. Ndikulemba izi kuti inu owerenga, makamaka amene mukufuna ntchito za m'mashedi, musagwe m'dzenje limene ndinagwamo.

Makolo anga anachokera ku Katete n'kudzakhazikika kuno ku Chongwe. Nditamaliza sukulu ndinakhala zaka ziwiri ndikugulitsa tomato, mpaka ndinalembedwa ukalaliki pa shedi ina yogulitsa feteleza, mbewu ndi chakudya cha ng'ombe za mkaka. Ntchito yanga inali yolandira ndi kutumiza katundu. Lole ikabwera kuchokera ku Lusaka ndinkawerenga matumba, n'kuyerekeza ndi pepala la dalaivala, kenako n'kusaina. Abwana athu, Mai Tembo, anandiuza tsiku loyamba lomwelo kuti ndikasaina, katunduyo ali pamutu panga.

Dalaivala amene ankabwera kawirikawiri anali Ba Mulenga, Mbemba wa thupi lake, woseka mpaka mano onse panja. Atangomva kuti ndine wa kum'mawa, chimbuya, ubale wathu wa nthabwala, chinayamba. Mukudziwa kuti ife ndi Abemba timanyozana mmene tingathere ndipo wokwiya ndiye wolakwa. Iwo ankanditcha kapolo wodya mbewa, ine n'kumawafunsa ngati asiyako pusi wina osamudya m'nkhalango za kwawo. Onyamula matumba ankaseka mpaka kugwira m'mimba, ine n'kumadzimva kuti ndine munthu wotchuka. Paja mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, anabwera ndi feteleza. Alimi a ku Bundabunda anali atandanda kale pageti ndi ngolo zawo. Nditati onyamula ayambe kutsitsa limodzilimodzi, Ba Mulenga anakuwa anthu onse akumva.

"Iwe kapolo, ufuna kunipenda ine mbuya wako? Penda chabe malaini pa motoka, usaine, nibwelele ku tauni!"

Anthu anaseka. Ndinachita manyazi kuoneka ngati munthu wosadziwa nthabwala. Ndinayenda mozungulira lole, ndinangowerenga mizere ya m'mbali ndi ya m'mwamba monga ananenera, masamu n'kugwirizana ndi pepala. Ndinasaina, n'kuthamangira kukathandiza alimi uku katundu akutsitsidwa ine kulibe.

Patapita masiku atatu Mai Tembo anawerenga shedi yonse ndipo anapeza kuti matumba makumi awiri palibe. Kampani ya malole inangoonetsa pepala lokhala ndi dzina langa. Ndinauzidwa kuti ndisiye makiyi ndipite kunyumba. Inu owerenga, kuchotsedwa ntchito kumawawa, koma kutchedwa wakuba kumawawa koposa. Kutchalitchi azimayi ankasiya kulankhula ndikamadutsa, ndipo atate anga anasiya kupita ku msonkhano wa alimi chifukwa cha manyazi. Ndinalira, ndinadzitukwana, ndipo ndinakwiya kwambiri.

Mkwiyowo ndi umene unandibwezera kushedi. Ndinagwada mu ofesi ya Mai Tembo n'kunena kuti, "Ba madamu, nipaseni chabe motoka imodzi nilandile. Ngati sinipeza kanthu, simuzanionanso pano." Anati Lachisanu kukubwera lole yomwe ija, ndipo umenewo ndi mwayi wanga womaliza.

Lachisanu ndinafika ndi chidebe cha zitsekerero za mabotolo. Ndinauza onyamula kuti thumba lililonse likatsika, wolinyamula atenge chitsekerero chimodzi m'manja mwanga n'kuponya m'beseni. Ba Mulenga atandiona anayamba nyimbo yawo ya kapolo ndi mbewa, koma ulendo uno ndinali nditaganiza bwino. Ngati mbuya angandinene chilichonse ine osakwiya, ndiye kuti nanenso ndingamunene chilichonse iye osakwiya.

"Ba Mulenga, Mubemba na kolwe sitisiya pa munda wa milisi bila kupenda!" ndinakuwa motero, kutanthauza kuti Mbemba ndi pusi sitiwasiya m'munda wa chimanga osawerenga. "Lelo nizapenda na matayala ya motoka yanu, kawalala imwe!"

Anthu anafa nako kuseka. Ba Mulenga nawonso anaseka, nanga akanatani? Akanakwiya, aliyense akanadabwa. Koma ndinaona thukuta likutsika m'khosi mwawo, ndipo anayamba kunena kuti achedwa, abwana awo akuimba foni. Ine sindinasunthe, ngakhale ndinkadziwa kuti matumba akakwana ndiye kuti zanga zada.

Mzere woyamba unatsika, wachiwirinso. Atachotsa wachitatu, wonyamula wina anaimba mluzu n'kuitana Mai Tembo. Pakati pa lole panali matayala akale osanjikizidwa, matumba atayalidwa mowazungulira ndi pamwamba pake bwinobwino. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Titawerenga zitsekerero, matumba makumi awiri anasowanso. Ba Mulenga anakhala pansi pa fumbi, nthabwala zonse zitauma. Ine ndinalulutira pakati pa shedi, osasamala kuti abwana ali pomwepo!

Kampani yawo inawachotsa ntchito n'kubweza feteleza wa maulendo onse awiri. Mai Tembo anandibwezera makiyi pamaso pa antchito onse, ndipo Lamlungu atate anayenda nane mpaka kutchalitchi atavala jekete lawo la paukwati. Lero ndine woyang'anira shedi yaikulu kufupi ndi msewu wa ku Lusaka, ndili ndi makalaliki atatu pansi panga, ndipo ndinaphunzira kulowetsa katundu pa kompyuta. Madalaivala akafika pageti amafunsa mlonda ngati ndilipo. Akamva kuti ndilipo, amazimitsa injini n'kukafuna pamthunzi.

Kwa achinyamata amene mumafunsa ngati ntchitoyi ili ndi tsogolo, ndikuti lilipo. Mashedi akumangidwa, mafamu akufuna anthu, ndipo kalaliki wodalirika amachita kulimbiranidwa. Koma ndimadandaulabe ndikakumbukira masabata aja atate anabisala m'nyumba chifukwa ine ndinaopa kusekedwa kwa mphindi zisanu. Sekani ndi mbuya wanu, idyani naye, mupakeni ufa pamaliro ngati mwambo ukulola. Koma akhale mbuya, mlamu kapena mkulu wa mpingo, cholembera chikhale m'thumba mwanu mpaka thumba lomaliza litagunda pansi.