Mzungu wa Agogo pa Msonkhano wa Chipani

Kaseti ija ndinasintha ndine. Ndanena, koma musadikire kuti ndipepese.

Agogo anga a Zakeyo fungo lawo linali la fodya wouma m'chigafa, kumudzi kwathu kufupi ndi Mtengowanthenga, kumene ankakhala tsonga pachikopa kusankha masamba, fumbi likuwayetsemulitsa, wailesi ya kaseti ikulira chapansipansi yolumikizidwa ku batire la galimoto. Ankamvera kaseti imodzi yokha yomwe anabwera nayo ku Joni, ya mzungu wina wa malaya osamanga mabatani amene ankatenga nyimbo za anzake, zothamanga zija, n'kumaziyimba ngati akugoneka mwana. Munthu akamayandikira, agogo ankazimitsa msanga. "Ndimamvera nkhani ine," ankatero.

Chaka chimenecho zipani zinali zitangochuluka, ndipo palibe amene ankakhazikika. Ine ndinali patchuthi cha Fomu 2, manja akundiyabwa. Agogo ankafuna utcheyamani wa chipani chatsopano m'dera lathu, ndipo ankapikisana ndi a Mbewe, eni chigayo. Chiyembekezo cha agogo chinali pa amayi a m'mudzi, omwe anakhala akuyeserera kuvina nyimbo za chipani pabwalo lathu, pa wailesi ya agogo yomweyo. Kuvota kunali koima pamzere kumbuyo kwa munthu amene ukumufuna.

Tsiku la msonkhano anandituma kunyamula wailesi. Panjira ndinatulutsa kaseti ya chipani, n'kulowetsa mzungu uja. Chifukwa? Ndinkangofuna kuona.

Alendo a kuboma atakhala pamipando, amayi anamanga zitenje m'chiuno n'kupanga bwalo, mapazi akugunda kale pansi. Agogo anakwezera mpaka pamapeto, n'kudina.

Kunamveka piyano. Kenako mzungu anayamba kudandaula mwaulesi ngati wamwa phala lotentha.

Amayi anaima mwendo uli m'malere. Mayi wina anafuula, "Kodi kwagwa maliro kwa azungu?"

"A Zakeyo, chipani chake ndi chimenechi?" a Mbewe anafunsa, akupukuta misozi ya kuseka.

Agogo anandiyang'ana kamodzi kokha. Koma munthu uja sankadziwa kugonja. Anakonza jekete nati, "Zinthu zasintha, abale. Matipate amavina chonchi!" Anapita kwa agogo aakazi, n'kuwagwira m'chiuno pamaso pa mudzi wonse, pamaso pa akatekisiti, pamaso pa akamwini awo.

"Tandisiyeni inu, mwapenga?" agogo aakazi anatero, akuphimba nkhope ndi duku.

"Nangozo, ponda kuno. Kumanzere, mayi iwe!"

Anawazungulitsa ndithu mpaka nyimbo kutha, fumbi likukwera pang'onopang'ono, ana tikugubuduka pansi. Ine nthiti zinandiwawa mpaka madzulo.

Pamzere zinavuta. Amayi anakwiya kuti thukuta lawo lonse lapita pachabe, ndipo anakaima kumbuyo kwa a Mbewe. Kumbuyo kwa agogo kunaima amalume, anyamata angapo okonda zoseka, ndi agogo aakazi, atayang'ana kumbali. Utcheyamani unapita kuchigayo.

Kunyumba agogo a Zakeyo sanandimenye. Anati, "Popeza umakonda kunyamula zinthu, mphwanga, batire latha moto. Kalitchajitse ku Mponela. Njinga uikankhe, usakwere."

Ndinakankhadi m'mapiri muja, dzuwa likuswa mutu, batire likudontha asidi mpaka kabudula wanga wa sukulu kubooka pantchafu. Koma nkhani inali itanditsogolera. Nditafika ku Mponela, Che Saidi a pagolosale anandikhazika pabenchi kuti ndifotokoze, ndipo ndinavina ndi tsache kusonyeza mmene zinalili. Anandipatsa mandasi aulere ndi tiyi wamkaka, n'kuitana anzawo kuti ndibwerezenso.

Patapita sabata ndinafunsa agogo ngati batire silinathenso.