Msomali wa Mmisiri wa Maboti

Ku Ngala kuli mmisiri wokhoma maboti, nkhalamba ya kofia yoyera, yomwe silola mlendo kutsanzika asanaone chithunzi cha m'shedi mwawo. Pachithunzipo pali azungu anayi oimba, atatu atapana tizoimbira ta nsambo pachibwano, wachinayi atakumbatira chachikulu ngati kabwato. Chachikulucho chinang'aluka m'mabampu a msewu zaka zapitazo, ndipo amene anachimata ndi mmisiriyu, ndi guluu wa maboti.

"Mpaka lero sichikudontha," amatero monyadira, ngakhale sanachionenso. Nsambo yoduka imene azunguwo anawasiyira amaisunga ngati mendulo.

Chisankho cha matipate chitayandikira, kunabwera abambo awiri a chipani atanyamula chithunzi cha mtsogoleri wawo.

"Madala, tsitsani azunguwa, msomaliwo tipachikepo bwana."

Mmisiriyo anayamba wapukuta galasi la chithunzi cha azunguwo ndi mkono wa malaya, mosafulumira.

"Awa anafika okha pakhomo pano, anandiimbira mpaka nsambo kuduka, nkundithokoza. Bwana wanuyo akadzafika yekha, ndidzamufunira msomali."

Chitini chodzaza misomali chinali pomwepo, pamapazi pawo. Palibe anachitchula.