Iwe ndi Inu m'Sewero la Chingerezi

Nditayamba ntchito pasekondale yoyendera kufupi ndi Manjawira, anandipatsa ana a fomu 3 kuti ndiziwaphunzitsa sewero lolembedwa m'Chingerezi chamakedzana. Mabuku anali ochepa, moti ana ankapanikizana pabuku limodzi. Phunzirolo linkabwera masana, ana ali ndi njala, ine mawu atasasa kale.

Ankawerenga mwaulemu koma osatolapo kanthu. Chingerezi cha lero chomwe chinali chisanawalowe, nanga cha anthu amene anafa kalekale akanachimva bwanji? Tsiku lina mtsikana wina wokhala kumbuyo, amene kawirikawiri ankasinza, anakweza mkono.

"Aphunzitsi, bwanji bamboyu akunena kuti thou kwa mwana wake, koma mwanayo akuyankha kuti you?"

Ndinaika choko pansi n'kumufunsa, "Kodi iweyo bambo ako ungawanene kuti iwe?"

"Ayi! Bambo anga anakhalitsa kumigodi ku Joni, sasekerera zamwano. Angandipirikitse pakhomo."

"Basitu. Thou ndi iwe, you ndi inu."

Kalasi yonse inaseka, ndipo anyamata anatuluka akuitanana kuti thou. Ndinaganiza kuti zayamba kuyenda. Koma tsiku lotsatira titatembenuza tsamba tinakumana ndi mawu ena opanda m'bale wake m'Chichewa, nkhope zija zinagwanso. Ndinabwerera kumasulira mzere ndi mzere, pakhosi pakuwawa.

Mayeso anatipeza tisanamalize bukulo. Chaka chotsatira kunabwera ana ena, ndipo ndinatsegulanso tsamba loyamba.