Manachesi a ku Ligowe

Matipate atangoyamba, ndinagula nyumba yanga yoyamba yochititsa lendi pafupi ndi chipatala cha Ligowe. Ogulitsa anali a Fulaye, mkamwini pamudzipo. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti malowo ndi a akazi awo.

Tikulemba pangano pakhonde, mnzanga amene anali mboni analoza mzere wopanda kanthu. "Kodi mayi sadinda chala apa?"

"Avomera kale," ndinayankha msangamsanga, poopa kuti mtengo ungakwere. Mayiwo anali chilili pakhomo, lichero lili m'manja. Anandimva. Ine ndinayamba kupukuta cholembera pamalaya ngati chagwa m'matope.

Mwezi usanathe, a Fulaye anatsagana ndi othawa nkhondo obwerera ku Mozambiki, ndalama zonse zili m'thumba.

Mayi aja sanandisumire. Atasamuka pamalopo, amangobwera nyengo ya manachesi, kusesa pansi pa mtengo umene anadzala malemu amayi awo, n'kuthyola osaodira kwa aliyense. Ochita lendi akandifunsa kuti ndi ndani, ndimati ndi achibale.

Tikakumana amandipatsa moni mwaulemu. "Anthu anu akukhalamo bwino, eti?"

Pochoka amandisiyira manachesi pakhonde lomwe lija, monga munthu amachitira ndi mlendo wake. Sindinasendepo ngakhale limodzi.